Masitolo opanda eniake pakhomo

Pali kafunso kamene kamaulula zambiri za sitolo: "Kodi mungandiitanitsireko chinthu chakutichakuti? Pashelefupa sindikuchiona." Kumene mwini sitolo amaima yekha pakauntala, yankho limabwera pompo. Mwina anena kuti, "Mubwere Lachinayi, ndikhala nditakupezerani." Mwinanso anena kuti, "Ayi bambo, chimenecho sichiyenda malonda, chingondigonera." Kaya wavomera kaya wakana, woyankhayo ndiye mwini nkhani. Funso lomwelo kalifunseni m'sitolo ya kampani yokhala ndi nthambi mazanamazana. Mtsikana wa yunifolomu adzayang'ana pakompyuta, n'kukuuzani mwaulemu kuti, "Pepani, katundu amachokera kulikulu." Sakunama, ndipo si ulesi. Ngakhale manijala wake alibe mphamvu yoika pashelefu chinthu chimene sichili pamndandanda. M'makampani ambiri otere, ngakhale pamene chinthu chikhale, kaya shelefu ya m'mwamba kaya ya m'munsi, zimabwera zitajambulidwa kale papepala ndi anthu amene msewuwo sanaupondepo.

Anthu akamadandaula za masitolo a makampani akuluakulu m'mizinda, kawirikawiri amayambira pa maonekedwe. Amati dera lino lafanana ndi lija: zikwangwani zomwezo, utoto womwewo, nyimbo zomwezo zikulira chapansipansi, ngakhale fungo la khofi lomwelo. N'zoona, ndipo inenso zimanditopetsa. Koma ine ndimaona kuti maonekedwe ndi nkhani yaing'ono. Chimene chachoka pamsewupo ndi munthu wotha kugamula nkhani ali pomwepo: wotha kukongoza kasitomala mpaka malipiro atatuluka, wotha kutseka mochedwa chifukwa pali wina amene akumudikira, wotha kulola ana a sukulu kumata chidziwitso pawindo. Dera limakhala ndi khalidwe lakelake chifukwa cha zosankha zing'onozing'ono zotere, zochitidwa ndi anthu ambiri osiyana mitima, tsiku ndi tsiku. Zosankhazo zikasamukira muofesi imodzi kutali, misewu imafanana yokha, popanda wina kufuna kuti ifanane.

Ku Britain adayesapo kuziwerenga. Bungwe la New Economics Foundation lidapempha anthu wamba kuti ayende mumsewu waukulu wamalonda wa kwawo ndi pepala m'manja, akulemba sitolo iliyonse ngati ili ya mwini mmodzi kapena ya kampani ya nthambi zambiri. Lipoti la 2005 lidapeza kuti mwa matauni khumi alionse amene adawerengedwa, oposa anayi anali atasanduka ongokoperana. Exeter ndiyo idatsogola pa manyaziwo: pachigawo cha msewu chimene adawerenga panali sitolo imodzi yokha yoima payokha.

Si nkhani yachilendo ayi. Ku America, kampani ya magolosale ya A&P inali ndi masitolo pafupifupi 16,000 cha m'ma 1930. Eni magolosale aang'ono adalira mokweza, maboma a zigawo zambiri adaika misonkho yapadera pa masitolo a nthambi zambiri, ndipo mu 1936 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la Robinson-Patman loletsa mafakitale kugulitsa katundu kwa ogula akuluakulu pamtengo wokondera. Koma tisaiwale chimene chidakuza A&P. Idali yotsika mtengo, ndipo mabanja osauka adapita okha ndi mapazi awo, palibe adawakoka. Aliyense wofuna kunena zoona pankhaniyi ayambire pamenepo. A&P yomweyo idadzagwa, n'kutsekeratu mu 2015, itaphwanyidwa ndi ena aakulu kuiposa.

Komabe kutsika mtengo sikufotokoza zonse zimene zikuchitika m'madera otchuka a mizinda ikuluikulu lero. Kapu ya khofi ya kampani yaikulu nthawi zambiri si yotchipa kuposa ya kasitolo ka pakona. Nanga bwanji kasitoloko kakuchoka, pomwe makasitomala ake sanakathawe? Yankho lili kwa munthu amene sitimuona tikamagula, mwini nyumba, ndi wina woima kumbuyo kwake, banki.

Tiyerekeze nyumba ya pakona imene pansi pake pali malo atatu: wokonza nsapato, wogulitsa maluwa, ndi mayi wa kalesitilanti ka matebulo ochepa. Mwini nyumbayo wamwalira, ana ake aigulitsa kwa kampani yogula nyumba. Kampaniyo sinatulutse ndalama zonse m'thumba. Yambiri yakongola kubanki. Tsono banki ikamayeza mtengo wa nyumba yamalonda imayang'ana zinthu ziwiri: lendi imene ikulowa, ndi dzina la amene wasaina kuti azilipira. Wokonza nsapato uja akhoza kukhala kuti sanaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe kwa zaka makumi awiri. Papepala la banki iye ndi munthu mmodzi basi, woti angadwale, angatope, angamwalire. Koma kampani ya nthambi zikwizikwi ikasaina mgwirizano wa zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, kumbuyo kwa siginechayo kuli chuma chonse cha kampani. Ngakhale nthambi imeneyo italephera, lendi ibwerabe. Nyumba yomweyo, njerwa zomwezo, mtengo wake umakwera chifukwa cha dzina la wobwereka, ndipo ngongole imapezeka mosavuta. Mwini nyumba watsopano sayenera kukhala woipa mtima kuti asankhe kampani. Masamu amusankhira kale. Mgwirizano wa atatu aja ukatha, sakuwathamangitsa ndi ndodo. Amangowatumizira kalata ya lendi yatsopano, iwo n'kudzichokera.

Pali chinanso chimene mwini kasitolo sangapikisane nacho. Iye lendi amailipira kuchokera pa zimene wagulitsa pakhomo pomwepo. Kampani yaikulu imatha kusunga nthambi yosapindula kwenikweni pamsewu wotchuka chifukwa kwa iyo sitoloyo ndi chikwangwani chotsatsira malonda, kapena chifukwa sikufuna kuti mdani wake atenge konayo. Makampani ena amachita kutsegula nthambi zingapo moyandikana mwadala. Kampani ya timagolosale ya 7-Eleven ku Japan idakula ndi njira imeneyi: galimoto imodzi imatula katundu m'masitolo angapo paulendo umodzi, dzina limaoneka paliponse, ndipo wina wofuna kuyamba amapeza malo onse abwino atatengedwa. Lendi ya msewu wonse imayamba kuyezedwa ndi thumba la wolemera kwambiri.

Apa m'pamene pamatuluka chinthu chimene poyamba chimaoneka ngati misala: msewu wodula kwambiri, wodzaza alendo, koma mawindo angapo atamatidwa mapepala, opanda wobwereka kwa chaka kapena zaka ziwiri. Bwanji osangotsitsa lendi? Chifukwa kutsitsa lendi n'kuvomereza papepala kuti nyumba yatsika mtengo, ndipo zimenezo zingautse mavuto ndi banki imene idakongoza potengera mtengo wapamwamba uja. Kusainira wobwereka wamng'ono zaka khumi pa lendi yotsika kumatsekanso mwayi wa kampani imene ingabwere mawa. Ndiye amadikira. Anthu okhala m'deralo amadutsa pa zitseko zotseka tsiku lililonse, pomwe wina wodziwa kuphika kapena kusoka akusowa poyambira.

Msewu wa Bleecker ku New York, m'dera la West Village, udadutsa m'magawo onsewa anthu akuona. Unali msewu wa masitolo a zinthu zakale, a mabuku, a malekodi, ndi ena a zofunika za tsiku ndi tsiku. Kukoma kwake n'kumene kudakoka alendo, alendowo n'kukoka makampani a zovala zodula. Marc Jacobs adatsegulapo sitolo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako zina zingapo pamsewu womwewo, ena n'kutsatira. Lendi idakwera moti akale aja sakanatha. Koma pofika 2017 ambiri mwa makampani odulawo anali atachokanso, chifukwa anthu ankabwera kudzajambula zithunzi kuposa kudzagula, ndipo msewu udatsala ndi mawindo opanda kanthu. Amati walira mvula walira matope. Eni masitolo aang'ono ndi amene amachititsa dera kukhala lokoma, ndipo kukoma komweko n'kumene kumawabweretsera kalata ya lendi. Mumzinda womwewo, malo oimbira a CBGB pamsewu wa Bowery, kumene magulu ambiri a nyimbo za punk adayambira, adatsekedwa mu 2006 pambuyo pa mkangano wa lendi. Mu 2008 m'nyumbamo mudalowa sitolo ya zovala ya John Varvatos, imene idasunga mbali ya makoma akale ndi zomatamata zake ngati zokongoletsa. Ena amati ndi ulemu. Kwa ine kumeneko n'kugulitsa mbiri ya anthu amene sangakwanitsenso kukhala pamsewupo.

Ndipo kampani ikaganiza zochoka, imachoka monga idabwerera, pogamula kutali. Mu 2008 kampani ya khofi ya Starbucks idalengeza kuti itseka masitolo pafupifupi 600 ku America. Mu 2024 Walgreens idalengeza kuti itseka masitolo a mankhwala pafupifupi 1,200 m'zaka zitatu. Mwini famase yaing'ono malonda akavuta amalimbikira, amadzichepetsera malipiro, amaitana mwana wake kudzathandiza, chifukwa sitoloyo ndi moyo wake wonse. Nthambi ya kampani ndi mzere umodzi pa masamu a kulikulu. Vuto n'lakuti pamene ikuchoka, famase yaing'ono ija idatsekedwa kalekale, ndipo agogo a m'deralo ayenera kukwera basi kuti akagule mankhwala a shuga. Makoma nawonso sabwerera okha. Kampani polowa idagumula zipupa za malo atatu aja kuti pakhale chimalo chimodzi chachikulu. Chimalo chimenecho wokonza nsapato sangachikwanitse, sakuchifunanso. Chikudikira kampani ina.

Mlembi wa nkhani za mizinda Jane Jacobs, amene ankakhala pamsewu wa Hudson ku New York, adalemba mu 1961 za chizolowezi cha anthu a m'dera lake chosiya makiyi a nyumba kwa mwini sitolo wa pafupi, kuti mlendo akabwera iwo kulibe akawatenge kumeneko. Kanthu kakang'ono, koma taganizani zimene kamafuna. Pafunika munthu amene amapezeka pamalopo tsiku lililonse kwa zaka, wodziwa nkhope za anthu, wodalirika, komanso wosalowerera nkhani za eni. Munthu wotere ndi amene amaona mwana akamasewera pafupi ndi magalimoto n'kumukalipira, amazindikira kuti bambo wokalamba wa pamwamba paja sanatsike masiku awiri, amauza wobwera kumene kuti nyumba ya lendi ikupezeka kuti. Palibe amamulipira pa zimenezi. Wogwira ntchito m'nthambi ya kampani akhoza kukhala wamtima wabwino kuposa mwini sitolo aliyense, koma mwezi wamawa amusinthira kunthambi ina, mashifiti ake sadziwika, ndipo malamulo a ntchito samulola kusunga makiyi a munthu m'dirowa ya kampani. Mtima ulipo, mpata palibe.

Za ndalama anthu amakonda kutchula kafukufuku wa ku Austin, m'chigawo cha Texas. Mu 2002, kampani ya mabuku ya Borders itafuna kutsegula pafupi ndi masitolo awiri a eniake a mumzindawo, BookPeople ndi Waterloo Records, akatswiri a Civic Economics adawerengera kuti pa madola 100 alionse ogulira zinthu m'masitolo awiriwo, madola 45 ankazungulira mumzindamo, pomwe ku Borders akanatsala madola 13 okha. Kafukufukuyu adachitika mkati mwa mkangano, ndipo amene adamufuna anali a mbali imodzi, choncho manambalawo ine sindiwatenga ngati lamulo la kulikonse. Koma chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense. Mwini sitolo wa pamalopo akafuna wowerengera ndalama, wopenta chikwangwani, loya kapena wosindikiza mapepala, amaitana wa mumzinda momwemo, ndipo phindu amadyera pomwepo. Kampani ntchito zonsezo imachitira kulikulu. Borders sidatsegule pamalopo, ndipo mu 2011 idagwa yonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama ndi poyambira. M'mizinda ikuluikulu, kasitolo kotchipa kakhala khomo lolowera la anthu obwera kuchokera kumaiko ena, la munthu amene alibe mapepala a sukulu koma ali ndi luso, la wachinyamata wokhala ndi ganizo limene palibe banki ingalikhulupirire. Ambiri amalephera, ndipo palibe chodabwitsa. Koma mwa ochuluka olepherawo mumatuluka ochepa amene amabweretsa chakudya chatsopano, nyimbo zatsopano, kavalidwe katsopano. Makampani akuluakulu amene tikuwadandaulawa nawonso adayamba choncho. Starbucks idayamba mu 1971 ngati sitolo imodzi yogulitsa khofi wosaphika pafupi ndi msika wa Pike Place ku Seattle. Malo ang'onoang'ono otchipa akatha mumzinda, mtsogolo tidzakhala tikungodya zimene zidaganizidwa kale.

Chosangalatsa n'chakuti makampaniwo amadziwa zonsezi, mpaka ena amabisa dzina. Mu 2009 Starbucks idatsegula malo ku Seattle pa dzina loti 15th Avenue Coffee and Tea. Ku Britain, Waterstones idatsegula masitolo a mabuku okhala ndi maina a m'deralo monga Southwold Books, dzina la kampani likungooneka pakachidziwitso kakang'ono. Anthu ataonanso kuti kampani yaikulu ya magolosale ya Tesco inali ndi gawo lalikulu m'malo omwera khofi a Harris + Hoole, amene ankaoneka ngati a banja wamba, ambiri adamva ngati apusitsidwa. Nkhani ya Waterstones ili ndi mbali ina yofunika kuinena. James Daunt atatenga utsogoleri mu 2011 adapatsa ogwira ntchito m'nthambi iliyonse mphamvu zambiri zosankha mabuku oika patsogolo, ndipo kampani imene inkamira idatsitsimuka. Zikuonetsa kuti chovuta si kukula kokha. Ndi funso la amene akusankha, ndi kumene waima posankhapo.

Ndisanyengere mbali yanga. Sitolo yaing'ono si kachisi. Muli eni ake amene amalipira antchito mochepa kuposa kampani iliyonse, opanda tchuthi, opanda inshuwalansi. Muli ena amene amakweza mtengo akaona nkhope yachilendo, ena amene amatsata kasitomala ndi maso chifukwa cha khungu lake. Mphamvu yogamula pompo ija ndi yomweyo imene imalola tsankho. Kwa munthu amene wakhala akunyozedwa m'masitolo otere, malo amene mtengo ndi umodzi kwa aliyense, chimbudzi chilipo, njinga ya olumala imalowa, ndipo palibe akukufunsa kuti ndiwe yani, ndi mpumulo weniweni. Komanso madera osauka a mizinda yambiri sadandaula kuti makampani awachulukira. Amadandaula kuti makampani amawalambalala, moti kugula ndiwo zamasamba n'kuyenda ulendo. Nthawi zina amene amafuula kwambiri za kuteteza khalidwe la dera ndi anthu opeza bwino amene adasamukiramo dzana, omwe kubwera kwawo n'kumene kudakweza lendi. Choncho ine sindili m'gulu lofuna kuti sitolo iliyonse ya kampani ichotsedwe. Imodzi kapena ziwiri pamsewu sizipha dera. Chimene ndikukana n'chakuti msewu wonse uperekedwe kwa amene banki imamukonda.

Mizinda ina yayesa kuikapo malire. San Francisco idayamba mu 2004, ndipo mu 2006 anthu adavota kuti sitolo ya kampani isamatsegule m'misewu yamalonda ya m'madera okhala anthu popanda chilolezo chapadera, chimene chimaperekedwa pambuyo pa msonkhano umene anthu a m'deralo amalankhulapo. Madera ena, monga Hayes Valley ndi North Beach, adaletseratu. Lamulolo limanena momveka chimene likulimbana nacho: bizinesi yokhala ndi nthambi zina khumi ndi imodzi kapena kuposa, zofanana pa zinthu monga katundu, chikwangwani, utoto, yunifolomu ndi maonekedwe a kutsogolo. Lathandiza kuti misewu ina isunge nkhope yake. Koma silitsitsa lendi. Pamalo pamene kampani yaletsedwa nthawi zambiri pamalowa sitolo ya mwini mmodzi, inde, koma yogulitsa zinthu zodula zimene wokhala m'deralo kuyambira kale sangazigule. Wokonza nsapato sabwerera chifukwa chakuti kampani yakanizidwa.

Ku New York, m'dera la Upper West Side, mu 2012 adalimbana ndi makoma aja. Adalamula kuti m'misewu ikuluikulu ya kumeneko banki yatsopano isatenge kutsogolo kopitirira mafiti 25, pafupifupi mamita asanu ndi atatu, ndipo pa Amsterdam Avenue ndi Columbus Avenue masitolo atsopano ambiri asapitirire mafiti 40. Ndi lamulo losadzionetsera, koma ndimalikonda chifukwa limateteza chinthu chovuta kubwezeretsa: zitseko zambiri zing'onozing'ono. Paris idapita patali kuposa onse. Kuyambira 2004, kudzera mu kampani yake ya Semaest, khonsolo ya mzindawo idayamba kugula yokha malo a masitolo m'madera amene malonda a mtundu umodzi ankameza ena onse kapena mmene masitolo ankatsekedwa, n'kumawabwereketsa kwa ophika buledi, ogulitsa nyama, amisiri ndi ogulitsa mabuku pa lendi yotheka. Kumeneko n'kugwira vuto pamene lagona, chifukwa mzinda umakhala mwini nyumba wosathamangitsidwa ndi ngongole. Masitolo a mabuku ku France amatetezedwanso ndi lamulo la 1981 loti buku latsopano ligulitsidwe pamtengo umodzi kulikonse, kuchotsera kusapitirire 5 peresenti. Ngakhale zili choncho, masitolo otchuka a Gibert Jeune pabwalo la Saint-Michel adatsekedwa mu 2021.

Ku New York kuja kudakonzedwanso bilu yofuna kupatsa eni mabizinesi aang'ono ufulu wowonjezera mgwirizano wa lendi ukatha, ndiponso wopita kwa mkhalapakati akasemphana ndi mwini nyumba pa lendi yatsopano. Ikanadutsa, wokonza nsapato amene walipira mokhulupirika kwa zaka makumi awiri akanakhala ndi poimira kalata ija ikafika. Eni nyumba amaikana mwamphamvu, amati ndi kulanda ufulu wa munthu pa katundu wake ndipo makhothi sangaivomereze. Idaperekedwa koyamba ku khonsolo ya mzindawo mu 1986. Yakhala ikubwerera m'maonekedwe osiyanasiyana, mu 2018 idakambidwa pamsonkhano wautali wa komiti, ndipo sinakhalebe lamulo.